Pabwalo pa Marjean Panalibe Chikwangwani

Kuno ku Norvale, aliyense amene anapikisanapo pa chisankho, kaya cha ukhansala kaya cha komiti ya sukulu, amalidziwa belu la Marjean Tollefson. Ndi kabelu ka pa tebulo, kaja komenya ndi chikhatho. Ukayamba kulankhula pa mtsutso, Marjean amayang'ana wotchi. Nthawi yako ikatsala pang'ono amakweza kapepala kachikasu. Ikatha belu limalira, ndipo nkhani yathera pomwepo, ngakhale utangotsegula kumene pakamwa kuti unene mfundo yako yapamtima. Anaimbirapo abusa athu. Anaimbirapo mlamu wake weniweni, mpaka awiriwo anatha nyengo yonse yokolola osapatsana moni.

Ine ndine Lavonne. Marjean ndinadziwana naye tili ana, tikukwera basi imodzi ya sukulu, choncho ndikamamunena ndikunena munthu amene ndadya naye, ndalira naye maliro, ndakangana naye kosawerengeka. Tonse tili m'Gulu la Nzika za Norvale. Dzina lokhalo ndiye lalikulu, koma ndife amayi achikulire owerengeka ndi madoda awiri amene anachita kukokedwa ndi akazi awo. Timakumana m'kachipinda ka kuseri kwa laibulale. Timapita ku sekondale kukathandiza ana omaliza sukulu kulembetsa m'kaundula wa ovota, timayala tebulo pakhomo pa sitolo n'kumafotokozera anthu zimene akazipeze pa pepala lovotera, timakonza mitsutso, ndipo tsiku lovota timanyamula amene alibe galimoto.

Lamulo lathu lalikulu n'lakuti sitili mbali ya wina aliyense. Timakuuza kokavotera, tsiku lake, ndi zimene mbali iliyonse ikunena, koma pochonga m'pako. Ife ophika khofi ndi oyala mipando lamuloli limatimanga tikakhala pa ntchito ya gulu pokha. Koma amene amaima kutsogolo, monga wapampando ndi woimba belu, limawatsatira mpaka kunyumba. Savala baji, sanena maganizo awo ngakhale pa maliro, ndipo saika chikwangwani pabwalo.

Za chikwangwanizi musazipeputse. Anthu a kwathu sitidziwa kulankhula. Munthu ukamufunsa za ndale amakuuza za nyengo, ukamufunsa za matenda ake amakuuza za thirakitala. Koma chisankho chikayandikira amazika kachikwangwani pa kapinga wa kutsogolo kwa nyumba, ndipo anansi amawerenga podutsa pa galimoto, osanena kanthu. Umu ndi mmene timakambirana nkhani zikuluzikulu. Pabwalo pa Marjean panali pambalambanda chaka ndi chaka, ndipo tonse tinkadziwa chifukwa chake, kapena ndinene kuti ndinkaganiza kuti tonse tikudziwa.

Mwamuna wake, a Orvin, anali munthu wa phokoso. Ankagwira ntchito ku nkhokwe zazikulu zogulirako chimanga ndi soya, pafupi ndi njanji, ndipo nthabwala zawo zinali zochepa koma ankazibwereza mpaka zitatha ntchito. Imodzi inali ya tsiku lovota. Marjean akamabwera atamata pa jekete kasitika kaja amapereka potuluka, kosonyeza kuti wavota, a Orvin ankamudikirira pakhonde.

"Ndiye mwavotera ndani, mayi?"

"Zimenezo n'za ine ndi bokosi."

"Mwamva anthuni? Ine ndinakwatira bokosi. Ndimadya ndi bokosi, ndimagona ndi bokosi, ndikafa adzandilira ndi bokosi."

Ankaseka okha mpaka kutsokomola. Marjean ankangowadutsa ngati sanamve, koma ine ndinkamuona akumwetulira akafika kukhitchini. Moyo wawo wonse wa banja sanawauzepo ngakhale kamodzi pamene wachonga.

Matenda oiwala anawayamba a Orvin pang'onopang'ono. Tsiku lina anavala zovala za kuntchito n'kukaima pa nkhokwe paja, chonsecho anali atapuma kalekale. Kenako anadzatuluka opanda nsapato m'nyengo yozizira, anachita kutoledwa ndi woyendetsa galimoto lochotsa chipale chofewa mumsewu. Apo ndiye Marjean anagonja n'kuwapereka ku nyumba ya okalamba ya boma lathu. Mwayi wake unali woti nyumbayo ili kumapeto kwa msewu wake womwewo, ulendo wa miyendo. Ankapitako m'mawa, masana ndi madzulo, atanyamula kabakuli ka phala kapena mbatata zoponda, chifukwa a Orvin anafika pokana chakudya cha m'manja mwa wina aliyense. Namwino akabweretsa supuni ankatseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma. Dzina la mkazi wawo anali ataliiwala, ankangoti "mayi aja", koma dzanja lake ankalidziwa ndipo ankadya.

Chaka chathachi makhansala analengeza kuti denga la nyumbayo latha, makina otenthetsera zipinda nawo atha. Anati nkhaniyo ipite pa pepala lovotera: kuti inde, msonkho wa malo ukwere nyumbayo ikonzedwe, kapena kuti ayi, nyumbayo itsekedwe, okalambawo asamutsidwire ku nyumba yaikulu ya mumzinda. Mumzindamo ndi ulendo woti ukanyamuka utamwa khofi wa m'mawa umakafika anthu akudya nkhomaliro. Dokotala wa maso anali atamuuza kale Marjean kuti galimoto aziyendetsa m'tauni mokha, masana okha. Basi inasiya kalekale kudutsa kuno. Mwana wawo mmodzi yekhayo ali kutali ku Arizona, ndi mavuto akenso. Aliyense wa m'gulu lathu anamvetsa tanthauzo lake popanda wotiuza: ayi akapambana, a Orvin apita kumene dzanja lija silingafike.

Zikwangwani zinamera ngati bowa, zobiriwira za inde ndi zachikasu za ayi. Wotsogolera a ayi anali Merle Hovland, mlimi wa minda ikuluikulu chakumpoto kwa tauni. Sindinganame kuti ndi munthu woipa, ndi iye amene amandichotsera chipale pakhomo osafuna ngakhale zikomo. Koma msonkho wa malo umagwera kwambiri alimi, ndipo chaka chimenecho soya anali atagwa mtengo.

Pa msonkhano wathu wa gulu, wapampando wathu Ardis, mayi wodekha amene anali mphunzitsi wa tonsefe pa nkhani ya malamulo, anamutengera Marjean pambali ine ndikutsuka makapu.

"Anzanga, chaka chino pumulani. Belu ndigwira ine. Mukazike chikwangwani chanu, palibe amene angakunyozeni."

"Ayi," anatero Marjean.

"Nkhaniyi yakukhudzani kwambiri."

"N'chifukwa chake. Ndikachoka lero poti yandikhudza, ndiye kuti zaka zonsezi ndimakhala chete poti zinali za eni. Amene ndinawaimbira belu aja nawonso zinkawakhudza."

Ardis anangogwedeza mutu. Ine ndinapsa mtima, ndipo tsiku lotsatira ndinanyamula chikwangwani chobiriwira kupita nacho kwawo, nyundo ili m'manja. Ndinamupeza akusesa masamba.

"Kabweze m'galimoto chimenecho," anatero osaimitsa n'komwe ntchito.

"Iwe Marjean, mutu wako ukugwira? Ndizika ine, ukauze anthu kuti ndi Lavonne wamisala uja."

"Pabwalo pano m'panga."

"Nanga amuna aja nga ndani? Chetechete sautsa nyama, mwali. Anthu akufuna amve kwa iwe."

"Anthu akudziwa kumene a Orvin ali. Amandiona ndikudutsa ndi kabakuli tsiku lililonse. Ndiwauzenso chiyani?"

Ndinachoka ndikung'ung'udza, chikwangwanicho ndinakachizika pakwanga pambali pa china chimene chinalipo kale. Koma kunena zoona, mawu ake omalizawo anandikhazika mtima pansi. Nanenso ndinkaona ngati tauni yonse ili ndi maso.

Loweruka lililonse tinkayala tebulo pakhomo pa sitolo ya zakudya. Marjean ankakhala atavala jekete lake lotuwa, ndipo aliyense wofunsa ankamufotokozera mbali zonse ziwiri ndi mawu amodzimodzi, osakwera osatsika. Chimene chinkandipweteka n'chakuti mbali ya ayi ankaifotokoza bwino kuposa eni ake. Ankati a ayi akuti nyumba ya mumzinda ndi yatsopano, chipatala chachikulu chili pafupi, madokotala amafika tsiku lililonse, ndipo alimi atopa ndi misonkho. Merle mwini wake sakanatha kuziyala choncho.

Tsiku lina anaima pa tebulopo mayi Delores Aune, amene timaimba nawo kwaya, atakankha kangolo kodzaza ndi zogula. Anamvetsera zonse, kenako anawerama n'kutsitsa mawu.

"Zimenezo ndamva. Koma inuyo, mayi Tollefson, mukuti bwanji? Inu ndi amene mukuidziwa nyumba imene ija."

"Gulu lathu silisankhira munthu, mayi Aune. Povotera m'pa holo ya sukulu, ndipo ngati mulibe chokwera tiimbireni."

Mayi Aune anamuyang'anitsitsa kumaso kwa kanthawi, ngati munthu woyang'ana mitambo kuti aone ngati angayanike zovala. Kenako anati zikomo n'kukankha kangolo kawo.

Mtsutso unachitika Loweruka masana mu holo ya sukulu. Anthu anadzaza mpaka ena anaimirira kukhoma, alimi atavula zipewa n'kuzigwira pamimba. Ardis ankawerenga mafunso, Marjean anali pa katebulo kake kutsogolo, wotchi ndi belu zili pamaso pake. Wa ayi anali Merle. Wa inde anali namwino wa ku nyumba ya okalamba ija, dzina lake Corliss, mayi wa ntchito zake koma amene anali asanaimepo pagulu chibadwire.

Merle analankhula mwachidule, mosakuluwika, ndipo nthawi zonse ankamaliza kapepala kachikasu kasanakwere. Corliss ankachita kuwerenga pa mapepala. Anataya nthawi yambiri kufotokoza za mapaipi ndi denga, akubwerera m'mbuyo, akupepesa. Pa mawu otsekera, kapepala kachikasu katakwera kale, m'pamene anaika mapepala ake pansi n'kuyamba kulankhula ngati munthu.

"Ine za mapaipi sindizidziwa bwino. Chimene ndikudziwa ndi anthu amene ndimawasambitsa. Muli bambo wina mmuja, nonse mukuwadziwa, amene ife tikabweretsa chakudya amatembenukira kukhoma. Bambo amenewo sadya pokhapokha"

Belu linalira.

Corliss anatsala pakamwa pali yasa, akuyang'ana Marjean. Anthu onse anatembenukira komweko. Marjean dzanja lake linali likadali pa belu, maso ali pa wotchi, nkhope ili ngati mmene imakhalira nthawi zonse. Ardis anadikira pang'ono, mwina kuganiza kuti wina anena kuti amalize, koma kwathu kuno ndani angayambe kutsegula pakamwa? Corliss anati pepani n'kukhala pansi. Ine ndinali kumbuyo ndi ketulo ya khofi.

Popinda mipando ndinamufikira.

"Ukanangochedwetsako dzanja pang'ono, ndani akanadziwa?"

"Ine."

"Amanena za amuna ako, Marjean!"

"Ndinamva. Nthawi yake inali itatha."

Ananyamula belu lake n'kuliika m'chikwama, nati akuchedwa kukawadyetsa a Orvin.

Tsiku lovota kunagwa kachipale pang'ono. Ine ndinali pa foni ku laibulale kulandira mayina a ofuna kunyamulidwa, Marjean ndi ena akuzungulira ndi magalimoto. Marjean ananyamula aliyense amene ndinamutumako. Ananyamula ndi gogo wina wa kuseri kwa tchalitchi amene pabwalo pake panali zikwangwani zachikasu zoposa za Merle, ndipo anthu anamuona akumugwira mkono pa masitepe oterera, kumulowetsa mu holo bwinobwino kuti akavotere ayi. Iye mwini anavota masana, anamata kasitika kake pa jekete lotuwa lija, n'kupitiriza ulendo wa kabakuli.

Zotsatira ndinazimva m'mawa mwake pa wailesi ndikupaka batala pa buledi. Ayi anapambana, ndipo kusiyana kwake kunali kwa anthu oti sangadzaze n'komwe mabenchi a kwaya m'tchalitchi mwathu. Ndinazimitsa wailesi. Ndinkayembekeza kuti ndilira kapena ndiswa mbale, koma palibe chinabwera. Ndinamaliza buledi uja, osamva kukoma kwake, n'kuvala nsapato kupita kwa Marjean. Ndinamupeza akuthira phala m'kabakuli.

"Wamva?"

"Ndamva. Anthu avota ambiri chaka chino. Ardis akondwa."

Anazinena ndi mawu omwe aja a pa tebulo la ku sitolo. Ndinamuperekeza mpaka ku nyumba ya okalamba.

Lamulungu lotsatira, titatuluka m'mapemphero, tinatsikira m'chipinda cha pansi pa tchalitchi kumene timamwera khofi. Mayi Delores Aune anabwera ndi kambale ka makeke n'kukhala pafupi ndi Marjean. Anamugwira dzanja mwachifundo chenicheni.

"Ndiye a Orvin akapezako chisamaliro chabwino mumzindamu eti? Ife ndi abambo kunyumba tinavutika nayo nkhaniyi, osagona. Mtima unkati inde. Koma tinadutsa pakwanu kangapo, tinaona pabwalo palibe kanthu. Abambo anati, ngati mwini wake amene mwamuna ali momwemo sanaike, ndiye kuti akudziwa kanthu kena. Ndiye mmene munafotokozera za madokotala a mumzinda zija, komanso mmene munamudulira namwino uja, tinati basi, mayi Tollefson atiuza mwaulemu."

Bambo wina wa tebulo loyandikana nalo anavomereza ndi mutu. "Ifenso chimodzimodzi. Tinati mayiwa atopa, zaka zonsezi ndi kabakuli, koma sangachite kunena. Tinati tiwapumuze."

Ndinayang'ana m'chipindamo ndipo ndinaona mitu ina ikugwedezeka, anthu akuyang'ana m'makapu mwawo. Sanali mmodzi kapena awiri. Anali anthu abwino, oti ukadwala amakubweretsera chakudya mpaka firiji kukana kutseka, ndipo anavota ayi pofuna kumuchitira chifundo Marjean. Anawerenga kapinga wake mmene amawerengera kapinga wa wina aliyense.

Pamenepo ndiye pakamwa panga panatseguka.

"Anthu inu, zaka zonsezi munaonapo chikwangwani pabwalo pa Marjean? Ngakhale chimodzi? Saloledwa! Mumakhala naye m'tauni muno, mumamwa naye khofi, koma osafunsa? Mumafunsa udzu, munthu ali pomwepa?"

"Ndinafunsa ine," anatero mayi Aune. "Ndinafunsa pa sitolo paja. Sanandiyankhe."

Zinali zoona. Onse tinayang'ana Marjean. Iye ankatakasa khofi ndi kasupuni, khofi woti samathiramo shuga n'komwe. Anatakasa kwa nthawi yaitali.

"Munavota mmene munaonera," anatero pomaliza. "Ndi ufulu wanu. Makekewa mwaphika bwino, mayi Aune."

Merle, amene anali chakukhomo, anavala chipewa n'kutuluka osamaliza khofi wake. Mawa lake m'mawa anapezeka akuchotsa chipale pakhomo pa Marjean, ndipo anachita zimenezo nyengo yonse yozizira osagogoda ngakhale kamodzi.

Masabata otsatirawo sindikuwakumbuka bwino, anangodutsa ngati madzi a mumpopi. Ena anayesa kupempha kuti mavoti awerengedwenso, anawerengedwa, zinatuluka zomwezo. Madzi akatayika saoleka. Marjean anathandiza kuzula zikwangwani m'misewu, zobiriwira ndi zachikasu zomwe, n'kuziunjika kuseri kwa laibulale monga timachitira chaka chilichonse. Anapita ku sekondale kukalankhula ndi ana za kufunika kovota. Sanaonde, sanadwale, sanalire. Ndikamufunsa kuti ukupeza bwanji ankati kukuzizira. Ndinayesa kumukwiyira koma mkwiyowo sunkagwira, unali ngati machesi onyowa. Nanenso ndinali nditachita dzanzi, ndipo tinkangoyenda awiriwiri ndi kabakuli kaja, kupita ndi kubwera.

Marjean anayesa kuphunzitsa Corliss kagwiridwe ka supuni, kuti mwina Corliss akauze a mumzinda. Ankati uyambe wawagwira pachibwano, uwatchule dzina, supuni ibwere chakumanzere. Corliss ankachita zonsezo ndendende, a Orvin n'kutembenukira kukhoma. Za belu lija awiriwo sanakambiranepo.

Khirisimasi itangodutsa anayamba kusamutsa odwala kwambiri, ndipo a Orvin anali m'gulu loyamba. Linali tsiku lowala, lozizira koti mphuno kuuma. Galimoto loyera lokhala ndi chokwezera chikuku linaima pakhomo. Ine ndinalonjeza kuti ndizimutenga Marjean Lamulungu lililonse misewu ikakhala bwino, koma tonse tinkadziwa kuti munthu sadya Lamulungu lokha. Marjean anafika ndi kabakuli kuti awadyetse komaliza, koma anapeza atawakonza kale, atawaveka chipewa ndi bulangeti, woyendetsa akuti akufuna abwereko kusanade.

Corliss anawakankha pa chikuku mpaka panja. Marjean anawerama kuti awakonze bulangeti pakhosi. Anali atavala jekete lotuwa lija, ndipo kasitika ka tsiku lovota kanali kakadali pomwepo pachifuwa, katafwifwa, kona imodzi itapindika. Palibe amene anakumbuka kukachotsa. A Orvin, amene anali atatha miyezi osanena mawu omveka, anakayang'anitsitsa. Nkhope yawo inayamba kusintha, kukamwa kunapindikira mbali imodzi ngati kale pakhonde paja.

"Ndiye mwavotera ndani, mayi?"

Corliss anagwira pakamwa. Ine mtima unagunda kamodzi mwamphamvu, koyamba chichitikireni chisankho. Ndinkadikira yankho lija la bokosi, kuti aseke, apite akuseka. Marjean anakhala chiweramire. Kenako anagwada pa chipale pomwepo, nawagwira manja onse awiri, n'kulankhula mokweza moti woyendetsa galimoto anamva, Corliss anamva, inenso ndinamva.

"Ndinavota kuti inde, a Orvin. Ndinavota kuti mukhale. Ndinkafuna mukhale pompano, ndizibwera ndi phala."

A Orvin kumwetulira kuja kunazima. Anamuyang'ana kumaso mokayikira, n'kusolola manja awo pang'onopang'ono kuwabweza m'bulangeti.

"Ayi," anatero. "Mkazi wanga sanena zimenezo. Inu ndinu ndani?"

Marjean anakhala chigwadire. Chokwezera chija chinalira, chikuku chinakwera, chitseko chinatsekedwa. A Orvin sanayang'ane pawindo. Galimoto linakhotera ku msewu waukulu, kudutsa nkhokwe zija, mpaka tinasiya kuliona.

Ndinamugwira mkono kuti adzuke, mawondo a siketi yake atanyowa. Anatola kabakuli kaja pamene anakaika, kakadali kofunda, nayamba kuyenda kulowera kwawo, ine pambali pake. Titafika pabwalo pake anaima, kuyang'ana chipale chosalala chimene chinakuta kapinga yense.

"Ndaphika lambiri," anatero. "Lowa udye, lingazizire."